Mbozi za Adotora Olga

Silvano sankadana ndi mlongo wake Olga, koma anthu akamutchula, mtima unkamuwawa. Bambo awo atamwalira, iyeyo ndi amene anasiya sukulu n'kugwira khasu kuti mwanayo aphunzire. Tsopano Olga anali katswiri wa tizilombo ta m'munda, wotsika pagalimoto akabwera kwawo ku Lifidzi, ndipo ngakhale bambo mfumu ankamupatsa moni ndi manja awiri. Silvano dzina linatha, anangosanduka “achimwene a adotora”. Nsanje inkamudya usana ndi usiku.

Olga ankafufuza chifukwa chimene mbozi za m'chimanga zasiyira kufa ndi mankhwala. Kwa zaka zambiri ankadalira kamunda ka Silvano ka kuseri kwa phiri, kamene sikanapoperedwepo. Mbozi za kumeneko zinkafa msanga akaziyesa, ndiye ankaziyerekeza ndi za ku Domwe, zomwa mankhwala ngati thobwa.

“Achimwene, kamunda kaja musakapopere chonde,” ankatero chaka chilichonse. “Mukatero, ntchito yanga yagwa.”

“Ndamva, adotora,” Silvano ankayankha akuyang'ana kumbali.

Lamlungu lina Misa itatha, akatekisiti anaimiritsa Olga kuti mpingo umuombere m'manja. Silvano anaomba nawo, mano ali gwa. Atafika kunyumba sanavule n'komwe jekete la kutchalitchi. Anasungunula mankhwala, muyezo n'kuuwirikiza, n'kubereka mpope. Anapopera kamunda kaja phesi ndi phesi, ndipo pobwerera mkuluyo ankaimba mluzu, chinthu chomwe anali atasiya kalekale.

Lachitatu Olga anafika ndi timabotolo take toikamo mbozi, Silvano akumutsatira kuti aone misozi. Fungo la mankhwala linamulonjera Olga asanalowe m'munda. Anafunyulula tsamba limodzi, kenako lina. Mbozi zinali zamoyo, zonenepa, zikudya mopanda mantha.

“Achimwene, mwathira mankhwala anji? Muyezo wanji?”

Silvano ananena zonse mosabisa, podziwa kuti apa ndiye pabaya. Koma maso a Olga anawala.

“Chaka chatha zinkafa zimenezi. Ndiye kuti zolimba zija zadumpha phiri, zafika kumene munthu sanapoperepo. Akatswiri anzanga ku Maputo akhala akunditsutsa pa nkhani imeneyi. Achimwene, mwandipatsa umboni.”

Silvano anafuna kufunsa kuti nanga m'munda waukulu, wodyetsa ana ake, athiramo chiyani, poti mankhwala ake anali omwewo. Koma Olga anali atamufulatira kale, foni ili kukhutu, akuseka ndi anthu a ku Maputo m'Chipwitikizi.