Phazi la Che Amisi

Nkhondo itafika kwathu ku Amaramba, amuna anga Che Amisi anathawira ku Malawi, ine n'kutsala ndi amayi anga amene sakanatha kuyenda. Ananena kuti akukangoona malo, abwera kudzatitenga. Kuona maloko kunawatengera zaka zisanu ndi ziwiri. Anabwera mtendere utakhazikika, ali ndi njinga yatsopano, mimba yotsogola, ndi mkazi wachiwiri dzina lake Zakiya, mwana wa kutsidya kwa dambo lathu lomweli, amene anakumana naye kumsasa wa othawa nkhondo. Ine amene ndinadya mizu ya kutchire mpaka amayi kundifera m'manja, ndinauzidwa kuti tizigawana mwamuna: masiku awiri kwanga, masiku awiri kwa iye.

Zaka zitatu sindinamulankhule Zakiya. Tikakumana kuchigayo ndinkayang'ana thumba langa. Anthu ankati iwe Mastura mtima wako ndi wouma, ine ndinkawayankha kuti unauma ndi dzuwa limene ena analithawa.

Koma chimene chinkandiwawa koposa mkaziyo chinali mimba ija. Inali mimba ya mafuta ophikira, nandolo ndi shuga za kumsasa, zimene anadya ndi wina ine ndikukumba pansi. Ndipo anthu pamsika ankayamikira Zakiya kuti mwanayu amadziwa kusamala mwamuna, ngati kuti ine ndinali ndi nkhokwe imene ndinkawabisira.

Ntchito ya Che Amisi inali kugula nsomba zouma kugombe n'kukagulitsa panjinga ku Mecanhelas. Tsiku lina anaponda munga wa mlamba, n'kuyenda nawo tsiku lathunthu osamva kalikonse. Anauona madzulo akutawaza mapazi kuti aswali, kupemphera kwathu kwa Chisilamu. Chilondacho chinali chaching'ono, pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanja, koma mwezi unatha chisanapole. Nthawi yomweyo n'kuti akumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo njira ya kuchimbudzi anaisalaza okha. Zakiya ndiye anapita nawo kuchipatala, chifukwa vuto linakula pa masiku ake. Anabwerako ndi dzina la nthendayo: matenda a shuga.

Patapita masabata ochepa, mimba ija inayamba kuphwa. Che Amisi ankafika kwanga nkhope ili gwa, n'kukhala pakhonde ngati mwana wamasiye.

"Mastura, kutsidyaku ndikufa ndi njala," anatero tsiku lina. "Akundiyezera chakudya ndi kambale ka mwana. Masamba, nsomba yowiritsa, tiyi wopanda kanthu. Akuti enfermeru Alexandre, namwino wa kuchipatala, walamula kuti thupi litsike."

Sindibisa, ndinasangalala. Zaka zonsezi ndinalibe choti ndiwapatse choposa cha Zakiya, ndipo tsopano iye yekha anali atanditsegulira chitseko.

Che Amisi anatulutsanso m'thumba kansalu kabuluu komangidwa mfundo. M'katimo munali mapiritsi anayi, a masiku anga awiri: limodzi m'mawa, limodzi madzulo, asanadye. Kansaluko ndinakazindikira, kanang'ambidwa ku chitenje cha Zakiya. Aliyense wokulira pamitala amadziwa kuti mankhwala ochokera m'manja mwa mkazi mnzako salowa m'nyumba mwako. Udziwa bwanji chimene wawauzira? Kutaya pabwalo nakonso sikuloledwa, ungadzaponde wekha. Ndiye ndinakatsomeka mu udzu wa denga la kukhonde, kunja. Che Amisi anaona, anangoti mapiritsiwo amawachititsa chizungulire kale.

Ndinawaphikira tiyi wa masupuni anayi a shuga. Ndinakazinga mandasi. Masana mpunga wa mafuta, madzulo futali wa mbatata, ndi thobwa lotsekemera pambali. Anadya mpaka thukuta kutsika m'khosi, akundiitana dzina limene anandiitana komaliza nkhondo isanayambe. Ulendo wotsatira anakhala masiku atatu. Wina anakhala anayi, akuti phazi likuwawa sangapalase njinga, chonsecho phazilo silinkamva kanthu. Timfundo tabuluu tinkachulukira m'denga, mimba inabwerera m'malo mwake, ndipo kuchigayo ndinayamba kuyenda khosi lili m'mwamba.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinamva odi pabwalo. Anali Zakiya. Che Amisi atamva mawu ake analowa kuchipinda ngati khoswe. Sindinamuyalire mkeka, tinalankhulana chiimire.

"Akulu, sindinabwerere ndewu," anatero. "Dzana tinali kwa enfermeru Alexandre. Shuga wakwera kuposa poyamba. Wanena pamaso panga kuti akapanda kutsika, chilonda chija sichipola, ndipo phazi akalidula kuchipatala chachikulu cha ku Cuamba."

"Ndiye wabwera kudzandiphunzitsa kuphika?"

"Ndabwera kudzafunsa. Kuno akudya chiyani?"

"Akudya chakudya. Chinthu chimene kwanuko chinasowa."

 Zakiya ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo amalankhula mofatsa, Chinyanja chake chosalala cha ku Malawi, chimene chimandinyansa kuposa mwano.

"Akulu, ine sindikondwa kuwamana. Amanditukwana tsiku ndi tsiku. Koma ndikawatsitsa masiku awiri, amabwera kuchokera kuno atakweranso. Makumprimidu aja, mapiritsi a m'kansalu, akumwa?"

Anali ataima pansi pa denga lomwelo. Akanangokweza maso akanaona chitenje chake chikusuzumira mu udzu.

"Akumwa," ndinatero.

"Onse?"

"Iwe, nthawi imene ine ndinkakwatiwa ndi mwamunayu unali usanamere mano. Unamudyetsa shuga wa azungu zaka zisanu ndi ziwiri, lero wadwala ukufuna mlandu ugwere ine? Njala ine ndimaidziwa, ndinagona nayo, ndinaika nayo maliro. Pakhomo panga munthu sawonda. Tuluka."

Zakiya anati, "Phazi ndi lawo, akulu, si langa kapena lanu." Anatembenuka n'kulowera kudambo.

Mawuwo anandikhala pamtima, ndipo nditalowa m'nyumba ndinawafunsa Che Amisi ngati zodula phazizo zinali zoona. Anaseka.

"Alexandre ndi mwana wa dzulo, amaopseza aliyense. Munthu wopulumuka zipolopolo angafe ndi tiyi? Uyo akufuna ndiwonde kuti anthu aziti ndinabwera ndi matenda aja ku Malawi. Thira madzi pamoto, Mastura."

Ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira. Ndinathira madzi pamoto.

Fungo linayamba mwezi wotsatira. Poyamba ndinkati ndi nsomba za m'dengu, koma dengu likatuluka fungo linkatsala. Nditamasula nsanza ya kuphazi ndinapeza chala chachikulu chitada, chinzake chikutsatira. Ndinatsuka ndi madzi otentha a mchere, otentha moti manja anga anafiira, koma iwo ankangocheza za mtengo wa matemba. Pamenepo mantha anandigwira. Ndinatuluka pakhonde n'kuyang'ana timfundo tija. Kutsitsa kamodzi kokha kukanatanthauza kuti mwana uja ananena zoona pabwalo panga, ine n'kunama. Sindinatsitse. Chimene ndinachita n'kuchotsa supuni imodzi ya shuga mu tiyi, n'kudziuza kuti ndayesetsa.

Malungo aakulu anawagwira ali kutsidya. Ndinamva kwa anthu kuchitsime kuti alongo ake a Zakiya awanyamula kupita nawo ku Mecanhelas, ndipo kumeneko awakweza galimoto ya ku Cuamba. Palibe anabwera kudzanditenga. Zakiya anakhala nawo milungu isanu, akugona pakhonde la chipatala. Ine ndinkasesa bwalo, kuphika, chakudya n'kutsala mumphika. Shuga amene anatsala m'chitini anadyedwa ndi nyerere ndikuona.

Anabwera Lachinayi m'mawa, ndikupeta mpunga. Ndinaona njinga ikutuluka m'dambo, Zakiya akuikankha, Che Amisi atakhala pakaliyala pamene pankakhala dengu la nsomba. Mwendo wamanja wa buluku unali wopindidwa n'kumangidwa ndi luzi pansi pa bondo. Anali atawonda kuposa mmene analili pothawa nkhondo. Maso awo sanakumane ndi anga.

Zakiya anawatsitsa yekha, n'kuwakhazika pamkeka wanga pambali pa lichero. Sanapereke moni. Anapita molunjika kukhonde, anakweza dzanja, n'kuyamba kuzula timfundo tija kamodzikamodzi. Sanafufuze, ankadziwa pamene tinali. Tina tinali titasuluka ndi mvula. Anatiyala pamkeka pakati pa ine ndi Che Amisi, mzere wautali, mpaka malo anatha n'kuyamba mzere wachiwiri. Pamenepo ndinaona kuti chitenje chabuluu chimene anavala chinali chitafupika mbali imodzi, mpendero wonse kulibe.

"Anaulula okha za mapiritsiwa adotolo atawafunsa, tsiku lodula lisanafike," anatero. "Ine ndinkang'amba nsalu yanga, inu mukufolerera denga."

Ndinafuna kunena za nkhondo, za amayi, za mizu ya kutchire. Zonsezo zinali zoona, koma palibe chimene chikanabweza mwendo. Aka kanali koyamba kuti mwana ameneyu andigonjetse, ndipo ndinamuda kwambiri chifukwa cha chimenecho.

Anamasula kathumba kumbuyo kwa njinga, natulutsa kambale ka mwana kaja ndi botolo la mapiritsi atsopano.

"Chakudya chisapitirire kambaleka. Masamba ochuluka, shuga ayi, mandasi ayi. Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, asanadye. Phazi latsalali muziliyang'ana tsiku lililonse, pansi ndi pakati pa zala, chifukwa iwo samva. Botololi sindinatsegule, akulu, onani chidindo chake. Mutsegule ndi manja anu, musaope kuti ndauzira."

"Masiku ako akakwana ndiwabweretse bwanji?" ndinafunsa. 

"Masiku anga anatha ku Cuamba. Ankhoswe ndawauza kale kuti banjali ndalisiya. Munkafuna azikhala kuno, si choncho? Tsopano sadzachokanso."

Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango n'kubwerera wapansi. Che Amisi anamuitana kawiri, koma sanacheuke.

Nkhuku zinkadya mpunga wa m'lichero popanda woziingitsa. Kenako Che Amisi anakanda pabondo, n'kundiyang'ana ndi nkhope ija ya mwana wamasiye.

"Mastura, katiyi."

Ndinaika madzi pamoto. Ndinatsegula botolo, ndinawapatsa piritsi limodzi, ndinaimirira pomwepo mpaka atameza. Tiyi ndinawapatsa wopanda kanthu. Atalawa analavulira pansi, n'kuyamba kunditukwana: kuti ndine mfiti, kuti ndinawadyera mwendo, kuti ngakhale Zakiya ankawamana chakudya ndi nkhope yabwino. Anaponya kapu, nayang'ana njinga ija pamtengo wa mango, nayang'ananso kudambo. Ndinatola kapuyo, ndinaitsuka, ndinathiramo tiyi wina wopanda kanthu n'kuwaikira pafupi ndi dzanja.

Amatukwana chomwecho mpaka lero, m'mawa ndi madzulo, kambale kakafika. Masiku onse anayi ndi anga tsopano.