Yakalambira M'kabati

Bambo uja umufunse, usamufunse, ankangoyamba yekha kutamanda laputopu yake: "Pulosesa ya makowa anayi, mathiredi eyiti, liwiro 2.7 gigahezi, ikapsa mtima imafika 3.7. Iyi si ya ana!" Anzake a kuntchito anatopa nazo mpaka anamutcha Gigahezi.

Laputopuyo anaigula itangotuluka kumene, n'kuikulunga m'thaulo, n'kuitsekera m'kabati. Mwana wake wamkazi, yemwe ankakonda kujambula nyumba pamapepala, ankaipempha mpaka misozi. Yankho linali lomwelo: "Uiwononga. Ndikusungira iwe yemwe, ukadzafika kukoleji." Bamboyo ankati ndicho chikondi chimenecho.

Mwana anafikadi kukoleji, kukaphunzira zojambula mapulani. Aphunzitsi anati ntchito ya mayeso ijambulidwe ndi pulogalamu yatsopano, wopanda pulogalamuyo abwereze chaka. Gigahezi anatsegula kabati mtima uli m'mwamba, napereka chuma chake ndi manja awiri. Koma pulogalamu inakana kulowa, kukaniratu kwamtuwagalu.

Anapita onse awiri kwa wokonza makompyuta, m'kashopu kothina kodzaza mawaya ndi fumbi. Gigahezi anayamba nyimbo yake ya makowa anayi, wokonzayo n'kumudula pakamwa.

"Madala, iyi inali bwana nthawi yake, sindikukana. Koma pulogalamuyi ikufuna malamulo amene pulosesa yanuyi siiwadziwa. M'badwo wake unapita."

"Ndiye chotsani, muikemo ina!"

"Anaiwotcherera pabodi ya m'katimu. Sichoka."

"Koma taonani mabataniwa, ngakhale limodzi lofufutika! Sinagwirepo ntchito iyi!"

"Eya, ndaona. Yakalambira m'kabati."

Mawuwo anamulasa Gigahezi. Anachita manyazi, kenako ukali, koma woti amukalipire panalibe. Anatembenukira kwa mwana wake kuti mwina amuthandiza kutsutsa. Mtsikanayo ankangosisita mabatani aja ndi chala, koyamba m'moyo wake popanda womuletsa.

"Tiyesa kwina, mwanawe," anatero bamboyo. "Awa sadziwa kanthu."

"Basi, adadi. Mnzanga wati azindibwereka yake akamaliza ntchito yake. Ikatsala nthawi ndijambula, ikapanda kutsala ndibwereza."

Anaitseka laputopuyo bwinobwino, monga ankaonera bambo ake akuchitira, naikankhira kwa iwo. Kenako anasolola chaja m'chikwama chakuda chonyamulira laputopuyo, nakutumula chikwamacho.

"Yanu ndi iyi, kaisungeni. Ine mungondipatsa chikwamachi, ndizinyamulira ya mnzangayo."