Zipi pa Diresi la Mkwatibwi

Apongozi anga, amayi a malemu mwamuna wanga, anali telala kwa zaka makumi anayi. Matenda a shuga atawatha maso ndi impso, tinayamba kupita kuchipatala katatu pa sabata kuti makina awatsuke magazi. Ankakhala maola anayi pa mpando wotsamira, machubu awiri ali pamkono, china chikutulutsa magazi, china chikubweza. Pofika mwezi wachitatu anali atatopa nazo.

"Makinawa akungondisunga ngati nyama ya m'firiji," anatero tsiku lina. "Sabata yamawa sindibweranso."

Ndinachita mantha, sindibisa. Mwamuna wanga anandisiya wopanda mwana, ndipo mayi amenewa ndi okhawo anatsala odziwa mmene iye ankasekera. Akapita iwo, ndikanakambirana ndi ndani za iye?

Namwino wina anandibwereka buku lonenepa, lothothoka m'makona, kuti ndiziwawerengera. Inali nkhani ya zaka mazana atatu zapitazo, m'nyumba yaikulu ya miyala pamwamba pa phiri, yozizira, yodzaza makandulo ndi akangaude. Mwini wake anali bwana wotumbuluka amene sankadya, sankayenda padzuwa, komanso sankafa, poti ankakhalira magazi a anthu. Anaitana mtsikana wosoka kuti adzakonze makatani, basi mtima wa bwanayo dyokodyoko pa iye. Akanangomuluma pakhosi, mtsikanayo sakanakalamba kapena kufa, koma dzuwa sakanalionanso.

"Wopopa magazi?" anaseka apongozi. "Ndiye kuti ndi mbale wake wa makinawa. Werenga timve."

Ndinaika lamulo: bukuli limatsegulidwa kuchipatala kokha. Anandinena kuti ndine wouma mtima, koma Lachitatu ndinawapeza atavala kale nsapato. Za chikondizo ankazinyoza. "Mwamuna wozizira manja ngati chule, wa chiyani?" Chimene chinawagwira chinali kusoka. Wolembayo singano ankaidziwa. Mtsikana akamayeza nsalu, akamaika zizindikiro ndi choko, zala za apongozi zinkayenda zokha pa bulangeti.

Patapita miyezi iwiri ndinaona kuti atsala masamba makumi awiri okha. Ndiye ndinayamba kunama. Ndinkatsegula pakati pa buku, kumatembenuza masamba kuti amve phokoso, pakamwa pakutuluka zanga. Ndinabweretsa mchimwene wa mtsikana kuchokera kunkhondo. Ndinatentha khola la akavalo. Ndinadwalitsa wansembe amene amati akwatitse mtsikanayo ndi bwana uja, kenako ndinamuchiritsa. Masabata asanu anatha choncho, ine ndikudziona katswiri.

Lolemba lina ndinafika poti mtsikana akudzisokera diresi la ukwati. Ndinasimba mokoma, nsalu yoyera, ulusi wasiliva. Apongozi anakweza dzanja lopanda machubu.

"Taima kaye. Wati wayamba ndi chiyani?"

"Walumikiza mikono, amayi, kenako mapewa."

"Mikono ailumikiza pati mapewa asanasokedwe? Pamphepo?"

Ndinati mwina ndadumpha mzere.

"Nanga zipi ija wamuikira kumsana? Buku lonseli anthu akumanga madiresi ndi zingwe, lero zipi aigula kuti?" Anapukusa mutu. "Mwana uyu ankasoka bwino mpaka mwezi watha. Kuyambira pamenepo akusoka ngati iwe."

Bambo wa pa mpando woyandikana nafe anaseka mpaka makina ake analira. Ine manyazi anandigwira, misozi ili m'maso mbwembwembwe.

"Munadziwa liti?"

"Tsiku la akavalo lija. Ndinangokusiya, ndimati mwana wayesetsa. Koma diresi ayi, pamenepo wandilakwira. Tsopano werenga zenizeni."

Ndinatsegula kumapeto, ndinayamba kuwerenga. Ukwati kunalibe. Mtsikana anakana kulumidwa. Anakhala m'nyumbamo zaka makumi asanu, iye akukalamba, bwanayo ali chimodzimodzi. Atadwala matenda omaliza, bwana anagwada pambali pa bedi ndi kumuchonderera kuti alole, kamodzi kokha. Iye anati watopa, ndipo anapempha kuti amutsegulire makatani. Bwana anawatsegula ndi manja ake, akudziwa kuti kuwalako kumutentha, nakaima pakona pamene panali mthunzi mpaka mkaziyo anatsirizika.

Makina ankangolira pang'onopang'ono.

"Waona? Ngakhale chilombo chinamva," anatero apongozi. "Iwe sungamve?"

"Amayi, ndikhala ndekha."

"Ndikudziwa, mwananga. Nchifukwa chake ndapirira masabata asanu a mabodza ako. Koma thupili ndi langa, ndipo latopa. Pita ukaitane adokotala. Ukanene ndiwe, ndi pakamwa pako, kuti makina tikuwasiya, ndimve kuti wandilola."

Ndinakwiya, ndinene zoona. Ndinafuna kuwauza kuti ndi odzikonda. Koma nditayang'ana mkono wawo, wakuda ndi zipsera za masingano kuyambira pachigongono mpaka padzanja, ndinadziwa amene anali wodzikonda pa awirife.

Adokotala anabwera ndi fomu. Anafotokoza mosabisa zimene zidzachitike makina akasiyidwa, masiku angati, mankhwala ati ochepetsa ululu. Apongozi anavomera chilichonse. Ine ndinanena mawu amene anandituma.

"Pakufunika wachibale asayine apa ngati mboni," anatero adokotala, akundipatsa cholembera. "Inu ndi ndani wawo?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za ukwati ndi za malemu, koma apongozi anandidula.

"Ndi mwana wanga. Lembani choncho."