Miyendo ya Idrissa

Idrissa Stambuli anatsika minibasi pa depoti ya Zomba mvula itangokata, ali ndi chikwama chakumsana chazigamba ndi ndevu zimene anthu a ku Chinamwali sankamudziwa nazo. Anachoka ali mnyamata wamasaya, akunena kuti akukagwira ntchito ku Joni zaka ziwiri basi, adzamange nyumba ya malata. Anabwera patatha zaka pafupifupi khumi, wowonda ngati nsungwi, nyumba ija ikanali pakamwa.

Ku Joniko ntchito anagwiradi. Ankatsuka mbale pa nyumba ina yogona alendo ku Kepi, kumene kunkafikira achinyamata a maiko akutali oyenda ndi zikwama kumsana. Anthuwo ankangogona masiku owerengeka, kenako n'kunyamuka ulendo wa dziko lina ngati munthu wopita kudimba. Mmodzi wa iwo pobwerera kwawo anamusiyira chikwama chake, ndipo matenda oyenda anamulowa pomwepo. Anapita ku Mozambiki kumene ankaphikira alendo m'mbali mwa nyanja ya mchere. Anakwera mpaka ku Tanzania, anawolokera ku Zanzibar, anakafika ku Kenya, ku Ethiopia, mpaka ku maiko a mchenga kumene mvula amaimva m'nkhani. Paliponse ankapeza kantchito, ankaphunzira mawu ogulira chakudya ndi otukwanira. Koma anthu akangoyamba kumudziwa dzina, mapazi ankayamba kumuyabwa. Pa malire alionse ankasintha nambala ya foni. Poyamba ankaimba kumudzi mwezi ndi mwezi, kenako pa Idi pokha, kenako zii.

Kunyumba anapeza mlongo wake Farida akupeta mpunga pakhonde. Farida anamuyang'ana nthawi yaitali, lichero lili m'manja.

"Achimwene, ndinu amoyo?"

Analira mpaka anansi anatuluka m'nyumba zawo. Atatonthola anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza zonse mosazungulira.

"Ababa anatisiya chaka cha dzana. Tinaika tsiku lomwelo monga timachitira. Tinaimba manambala anu onse. Ina inayankhidwa ndi mzimayi wolankhula chilankhulo chimene palibe anachimva."

Idrissa anayang'ana pansi. "Nanga Mwanamvua?"

"Akazi anuwo anakudikirani mpaka anthu anayamba kuwaseka. Kenako amalume awo anapita kwa ashehe, ukwati n'kutha. Pano ali kwa a Habibu, atelala aja. Mwana wanu Warda, amene munamusiya akukwawa, ali sitandade faifi. Mwanayo amawaitana a Habibuwo kuti ababa. Musakamuletse, chifukwa ndi amene amulera."

M'mawa mwake anthu anamulozera mtumbira wa bambo ake, utamera kale udzu. Anakweza manja kuti apemphe duwa, pemphero lopempherera malemuwo, koma mawu anamusokonekera, ena akubwera m'Chiswahili, ena m'Chipwitikizi chogulira nsomba. Anangoima choncho mpaka dzuwa linamuotcha pamutu.

Masabata oyambirira anthu ankabwera kudzamuona. Ankayang'ana kumbuyo kwake ngati galimoto ya katundu ikubwera pambuyo. Atazindikira kuti chikwama chija ndi chonse, anasiya kubwera. Anzake amene ankasewera nawo mpira anali ndi magolosale, ena njinga zamoto za kabaza, ena ana anayi. Akayamba kuwafotokozera za ngamila kapena za mzikiti wa miyala yoyera umene anagonamo ku Mombasa, ankamvetsera pang'ono, wina n'kudula: "Ndiye zonsezo mwapindulanji, akulu?"

Amene anamuchitira chisoni anali a Nazeer, amwenye a sitolo ya nsalu pafupi ndi msika, amene ankaswali mzikiti umodzi ndi malemu bambo ake.

"Bambo ako anali munthu," anatero a Nazeer. "Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Bwera Lolemba, uzidzadula nsalu."

Chimene sanamuuze n'chakuti pakhonde la sitolo yomweyo ndi pamene a Habibu ankasokera. Choncho tsiku ndi tsiku Idrissa ankaima kuseri kwa kauntala akuyeza zitenje, khutu likumva makina a munthu amene anatenga banja lake akulira pakhomo. A Habibu anali wamkulu wofatsa, wa magalasi omanga ndi ulusi. Ankamupatsa salamu m'mawa uliwonse, osakweza maso kwambiri. Idrissa akanakonda a Habibuwo akanakhala munthu woipa.

Kuima malo amodzi kunkamupweteka kuposa njala. Pofika masana miyendo inkanjenjemera yokha. Minibasi ikadutsa, kondakitala akukuwa za Limbe, iye ankasiya lumo pakati pa nsalu n'kuyang'ana mpaka izimiririke.

Warda ankabwera akaweruka kusukulu, kudzakhala pa benchi pafupi ndi makina. Anali wamtali miyendo, wamaso akuluakulu a agogo ake aamuna. Ankadziwa kuti bambo wandevu wa m'sitoloyo ndi ndani, poti ku Chinamwali nkhani sigona. Ankamupatsa moni chogwada ngati mlendo wina aliyense. Koma tsiku lina anasuzumira pakhomo n'kufunsa:

"Kodi n'zoona kuti munaona nyanja yopanda tsidya?"

"N'zoona."

"Nanga madzi ake amathera kuti?"

Kuyambira tsikulo ankabwera ndi funso latsopano. Idrissa ankayankha ndi manja omwe, akujambula maiko pa kauntala ndi choko chodulira nsalu. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, munthu ankamumvetsera mpaka kumapeto.

Mwezi wa Juni analimba mtima n'kukhala pa benchi ya a Habibu.

"Ndimafuna ndimutengeko mwanayu kuphiri Loweruka, akaone damu la Mulunguzi. Akuti sanafikeko."

A Habibu anaimitsa makina. "Mwana ndi wanu, magazi sanama. Koma kafunseni mayi ake."

Mwanamvua anamulandirira panja, ataima, mpango utaphimba mpaka pamphumi. Anali asanalankhulane chibwerereni.

"Padamu pokha," anatero. "Ndipo dzuwa likamapendeka akhale ali pano. Mwanayu chifuwa chake si cholimba."

"Ndamva."

"Kumva mumamva, a Idrissa. Ndimakudziwani."

Loweruka kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Anakwera njinga yamoto ya kabaza, Warda ali pakati pa iye ndi woyendetsa, akukuwa pa khona iliyonse, tauni ikucheperachepera pansi pawo. Pamwamba anamugulira mabulosi achikasu kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Damu linali phee, madzi akuda bii, mitengo ya paini ikudziyang'ana m'menemo. Warda anaponya miyala, anathamanga, anaseka mpaka kutsamwa. Anali atavala juzi yopyapyala ya kusukulu ndi nsapato za pulasitiki.

"Nyanja ija inali yaikulu kuposa pano?"

"Iwe, apa ndi pabeseni," anaseka Idrissa. Kenako anayang'ana kumtunda. "Kuli malo ena kuseri uko. Ukaima pamenepo umaona nyanja ya Chilwa yonse, phiri la Mulanje, ndi Mozambiki amene ndinakuuza uja. Si patali."

"Amama anati padamu pokha."

"Tibwera asanadziwe. Phiri ili ndinakulira momwemu."

Analowa m'nkhalango. Miyendo ya Idrissa, imene inamangidwa miyezi yonseyi kuseri kwa kauntala, inamasuka. Ankayenda akulankhula, akusimba za chipululu, za sitima yapamadzi imene inatsala pang'ono kumira, osaona kuti mwana akuchita kuthamanga kuti amupeze. Atatuluka m'mitengo anaima. Pamene ankayembekezera nkhalango yowirira ya ubwana wake panali zitsa zokhazokha, zina zakupsa, mpaka kumene maso amalekezera. Kanjira kamene ankakadziwa kanali katasowa. M'malo mwake munali tinjira tambirimbiri ta anthu okoka matabwa, tonse tofanana.

"Ndi uku," anatero, n'kusankha kamodzi.

Sanapite patali chiperoni chinafika. Chinabwera mwakachetechete kuchokera kummwera, nkhungu yoyera ikukwawa pa zitsa, ndipo posakhalitsa munthu sankaona ngakhale chitsa choyandikira. Mvula yamawawa inayamba, yozizira ngati singano. Idrissa anatembenuka kuti abwerere, koma kumbuyo kunali kofanana ndi kutsogolo. Anatulutsa foni, netiweki kunalibe.

"Tasochera?" anafunsa Warda.

"Ayi. Ine ndadutsa malire a maiko usana ndi usiku, ndingasochere pa Zomba?"

Anayenda, anabwerera, anapeza chitsa chomwe chija chimene anachidutsa kale. Warda anasiya kufunsa mafunso. Milomo yake inayamba kuda, mano akugundana. Idrissa anavula malaya ake n'kumuveka, n'kumubereka kumsana. Powoloka kamtsinje phazi linaterereka pa mwala wa ndere, onse awiri n'kugwera m'madzi. Anamutulutsa msangamsanga, koma mwana anali atanyowa mpaka kumutu.

"Ndikufuna ababa," analira Warda.

"Ndili pano, mwanawe."

"Ayi. Ndikufuna ababa."

Idrissa anamunyamulanso n'kuyamba kukuwa m'nkhungumo, kuitana aliyense amene angamve. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Amene anayankha anali mayi wina wosenza nkhuni, dzina lake Consolata, amene ankatsika mochedwa ndi mtolo wake. Mayiyo anayang'ana mwana, anayang'ana bambo wopanda malaya, anagwetsa nkhuni pansi, namasula chitenje chake n'kumukulunga Warda.

"Mukupita kuti uku? Uku n'kuphompho, bambo. Nditsateni."

Anafika pamsewu wa kudamu kukuyamba kuda. Panali njinga zamoto zitatu zitayatsa magetsi, ndi amuna a ku Chinamwali amene a Habibu anawasonkhanitsa. Mmodzi anamuyandikira Idrissa chibakera chili m'mwamba, koma a Habibu anamugwira mkono. Anavula jekete lawo, anamulandira mwana, anamufungatira pachifuwa, njinga n'kunyamuka. Idrissa anatsika phirilo wapansi.

Chinali chibayo. Warda anagona m'chipatala masabata angapo, machubu ali m'mphuno, ndipo panali masiku amene anamwino sankafuna kuyang'ana mayi ake m'maso. Idrissa ankakhala panja pa wodi, pansi pa mtengo, kuyambira m'mawa mpaka alonda atamuthamangitsa. Tsiku lina Mwanamvua anatuluka ndi beseni la zochapa, n'kuima patsogolo pake. Nkhope yake inali itatupa ndi kusagona.

"Apulumuka," anatero. "Adokotala akuti mapapo ake sadzakhalanso ngati kale, koma apulumuka."

Idrissa anabisa nkhope m'manja.

"Musalire pamaso panga. Ine ndinalira zaka zisanu, palibe anandiona. Pamene munali kutali, mwanayu anali bwino. Ankadziwa kuti ali ndi bambo wina kwinakwake, basi, sizinkamupweteka. Inu simudziwa kuyenda ndi munthu, a Idrissa. Mumayenda nokha ngakhale wina ali pambali panu. Mukafuna kupita, pitani. Mukafuna kukhala, khalani. Koma mwana wanga musadzamuyandikirenso."

Kusitolo sanabwerereko. A Nazeer anatumiza uthenga kawiri, kenako analemba munthu wina. Warda atatuluka m'chipatala, Idrissa anatsanzika Farida, napita ku depoti kukakwera minibasi ya ku Blantyre, akuti akalowere ku Mwanza. Farida sanamuletse. Koma minibasi itafika pa Thondwe anagogoda denga, anatsika, n'kubwerera ku Zomba wapansi. Patapita mwezi anayesanso, ulendo uno wolowera ku Liwonde, ndipo anakatsikira pa Domasi. Kupita kunamukanika, kukhala kunamukanikanso.

Kuyambira pamenepo anthu a mu Zomba anazolowera kumuona pamsewu. Amadzuka ikangotha swala ya m'mawa, n'kuyamba. Amachoka ku Chinamwali kudzera ku Matawale, amadutsa ku Chirunga pakati pa ophunzira othamangira m'makalasi, amatsikira ku Mpondabwino, amakafika ku Sadzi, n'kutembenuka. Sapempha, savuta munthu, ndipo ukamupatsa moni amayankha mwaulemu. Ena amati mutu unasokonekera, ena amati anapondera mankhwala ku maiko a eni. Farida amangomuvundikirira chakudya chake n'kumuwiritsira madzi oviikamo mapazi, amene pano anang'ambikang'ambika ngati dothi la mu Okutobala.

Warda anabwereza kalasi chaka chimenecho. Nyengo yozizira ikafika amatsokomola mpaka kugwira khoma, ndipo mpira wa atsikana anasiya kusewera. Tsiku lina madzulo akuchokera ku madrasa anakumana ndi Idrissa maso ndi maso pa mlatho wa Likangala, pamene panalibe pothawira. Idrissa anaima, anatsikira m'ngalande kumupatsa njira. Mwanayo anadutsa atazyolika, akukumbatira mabuku ake pachifuwa. Atapitirira pang'ono anacheuka ngati akufuna kufunsa kanthu, koma chifuwa chinamugwira, ndipo pamene chinkamusiya, anzake anali akumuitana kutsidya.