Mzere wa M'munsi pa Chikwangwani cha Njanji

Sitima inasiya kubwera m'tauni muno zaka makumi awiri zapitazo, koma a khonsolo angoikumbukira chaka chino. Njanji anazula kalekale ogulitsa zitsulo, m'chipinda cha matikiti munkagona mbuzi, ndiye lero ati mbiri! Asesamo, apakamo penti, n'kukhoma chikwangwani chachitali ngati chitseko, chofotokoza za njanjiyo kuyambira tsiku loyamba.

Mayi wina, telala wa kuseri kwa msika, anapita kukachiona ndi bambo ake, a Nyundo. Dzinali analitengera ku ntchito. Zaka makumi atatu ankayenda m'njanji m'mawa uliwonse, kuchokera pa siteshoni kukafika pa mlatho, kugogoda chitsulo n'kumamvetsera. Bawuti yomasuka ankaimva ndi khutu asanaione. Tsopano maso anachita ng'ala, ndiye wowerenga anali mwana wawoyo.

Anawerenga bwinobwino mpaka pa mzere wa m'munsi, kenako analekeza.

"Zathera pomwepo?" anafunsa a Nyundo.

"Ayi, bambo. Ati mlatho unagwa chifukwa cha kusasamala kwa woyendera njanji, n'chifukwa chake njanji inatsekedwa."

A Nyundo anavula chipewa, n'kuchivalanso.

Telalayo anapsa mtima. Ndani m'tauni muno sadziwa kuti bambo ake anakanena katatu kuti mzati wapakati wa mlatho ukulira ngati mbale yong'aluka? Katatu konse bwana wa pa siteshoni anawabweza kuti asamusokoneze ali pa tiyi. Tsiku limene mlatho unagwa, amene anathamanga ndi mbendera yofiira n'kukaimitsa sitima yodzaza anthu anali bambo akewo, ndipo zikomo yake inali kalata yowachotsa ntchito. Bodza lija kale linali la pakamwa. Tsopano alilemba ndi penti kuti adzukulu aziliwerenga.

Nanga wapampando wa komiti ya mbiriyo ndani? Bwana yemwe uja, a Wezulo, munthu amene ntchito yake yonse inali kuliza wezulo sitima itanyamuka kale. Zamanyazi!

M'mawa mwake telalayo anatseka makina n'kukawapeza ku khonsolo. Anawapeza atakhala kuseri kwa tebulo lopanda ngakhale pepala limodzi, tayi atamanga mpaka pakhosi kutupa.

"Bwana, ndabwerera mzere wa m'munsi uja. Muuchotse."

"Mwanawe," anatero a Wezulo akudzikanda pamimba, "mbiri si diresi, loti tizingochepetsa m'chiuno mwini wake akadandaula."

"Diresi ndikalakwitsa ndimasula, bwana, sindikakamiza munthu kulivala. Dalaivala wa sitima ija alipo, akuweta nkhumba kuseri kwa tchalitchi. Amayi amene anali m'bogi loyamba ndimawasokera ndine. Tsiku lotsegulira chikwangwanichi ndibwera nawo onse, adzayankhule pamaso pa alendo anu."

Apa a Wezulo thukuta linawayamba. Anamwetulira kumwetulira kwa munthu woponda minga.

"Ayi, mayi, zisafike pamenepo. Bambo anu ndi mnzanga wakalekale. Tikonza."

Mnzawo! Munthu amene kwa zaka makumi awiri amawoloka msewu akawaona. Koma telalayo analandira mawuwo, ndipo dalaivala ndi amayi aja sanawavutitsenso.

Tsiku lotsegulira anasita jekete la bambo ake, n'kulisokerera batani limene linathothoka. Pa siteshoni anamanga tenti. Panali mipando ya pulasitiki ndi alendo a masuti, ena oti sitima anangoionera pa chithunzi, koma aliyense anayankhula ngati anabadwira m'bogi. A Wezulo anayankhula ola lathunthu, mpaka analiza wezulo wawo wakale, anthu n'kuseka. Kenako anakoka nsalu imene inaphimba chikwangwani.

Telalayo anathamangira ndi maso pa mzere wa m'munsi. Penti inali yatsopano, ikunyezimira. Panalembedwa kuti mlatho unagwa ndi madzi osefukira, ndipo bwana wa pa siteshoni anaimitsa sitima n'kupulumutsa anthu mazana atatu. Telalayo anayambiranso kuwerenga pamwamba, mzere ndi mzere, chala chili m'mwamba ngati mwana wa sukulu. Panali mayina a mainjiniya, panali nambala ya injini yoyamba, panali ngakhale mtengo wa tikiti. Woyendera njanji panalibe paliponse.

Anthu anayamba kuwomba m'manja. A Nyundo anamukoka mwana wawo malaya.

"Werenga, mayi, ine sindikuona. Zija achotsa?"

Telalayo anayang'ananso chikwangwanicho.

"Akuchotsani, bambo."

Nkhalambayo inamva zake, zoti bodza lija alichotsa. Nkhope inawala, misozi n'kutsika, ndipo inaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja mwamphamvu kuposa aliyense pansi pa tentiyo. A Wezulo anaiyang'ana kuchokera kutsogolo, n'kuigwedezera mutu moyamikira.