Dzina la Kuseri kwa Kolala

Damiyano Kalizang'oma, telala wa pakhonde la golosale pa Nathenje, analota dzuwa lili paliwombo, chipumi atachitsamiritsa pa makina ake osokera.

Analota akubwerera kunyumba, kadiresi kachikasu kali m'manja. Kanali komwe kaja iye anasoka pamene mkazi wake Nambewe anali ndi pakati, apongozi akumuletsa kuti mwana sasokeredwa chovala asanaoneke. Iye anangoseka nthawiyo, n'kumati zimenezo n'zamakedzana. Mwanayo anabadwa Lolemba kwa azamba, n'kutsikira kuli chete Lachinayi, mchombo usanagwe, asanatulutsidwe m'chikuta. Azimayi anakamuika okha kudambo, popanda kulira, popanda dzina, monga mwa mwambo. Damiyano ngakhale nkhope sanaione. Kuchokera tsikulo Nambewe madzi osamba ankamuikira, chakudya ankamupatsa, koma m'maso osamuyang'ana.

Atafika anapeza nyumba ilipo, bwalo lili losesa, koma thabwa la pansi pa chitseko litatalika mpaka kukazimirira kuseri kwa phiri la Nkhoma. Pathabwapo panakhala makanda mazanamazana, mondondozana ngati mbalame pawaya, timiyendo tili lendelende. M'nyumbamo munkayenda mtsinje wopanda phokoso, mphasa ndi mbale zikuyandama. Palibe chinamudabwitsa. Anangovula nsapato, poona kuti malowo ndi aulemu.

"Odi," anatero.

"Odini, a telala," inayankha singano imene anaibaya pathumba la shati yake.

"Kuno n'kuti?"

"Akale ankati pachiundo. Ena amati pakhomo, ena pamalire. Ife asingano timati pansonga, paja nsalu yabooka koma ulusi sunadutse. Onse mukuwaonawa ali pamenepo. M'nyumba anachokamo, panja sanafike."

Damiyano anayenda m'mbali mwa thabwalo akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Anayenda mpaka mapazi anachita matuza. Kenaka kamtsikana kena, ka makutu opindika ngati ake, kanaomba m'manja mwaulemu.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, mayi. Kaya inu?"

"Kuno sitiswera. Dzuwa silisuntha."

Damiyano anagwada pansi, n'kufunsa funso limene linakhala likumudya kwa milungu isanu ndi umodzi.

"Mayi, mundiuze zoona. Kodi n'chovalachi chinakuphani?"

"Chovala sichipha munthu, bambo. Chifuwa changa chinali chaching'ono, mpweya sunakwanemo. Koma pano ndatopa. Ndikati nditsikire kumtsinjeku, akufunsa dzina. Ndikati nditsikire pabwalo, akufunsanso dzina. Ndiyankhe chiyani?"

Dzina linalipo. Damiyano analisoka yekha mobisa, ndi ulusi wofiira, kuseri kwa kolala ya kadiresiko, ndipo sanauze munthu, ngakhale Nambewe. Anati alitchule, koma milomo inakana. Ataigwira anapeza yasokedwa, msoko wake wowongoka bwino, wa makina ake omwe.

"Munasoka nokha tsiku lomwe azimayi anapita kudambo," inatero singano. "Ine ndinangogwira ntchito. Ndipo wosoka pakamwa pake samasula yekha."

"Dzinalo amayi sanalimve," anatero mwanayo. "Dzina lodziwika kwa munthu mmodzi yekha siliwolotsa."

Pamenepo thabwa linayamba kuchepa. Linachepa ngati mpeni, makanda onse n'kuimirira. Linachepa ngati ulusi, iwo n'kuima ndi mwendo umodzi. Potsiriza panatsala nsonga yokha ya singano, yaitali ngati mtengo wa bulugamu, ndipo pamwamba pakepo panaima mwana wake, chala chimodzi chaphazi chitaponda pansongapo, manja atatambasula. Sankalira. Ankangodikira, monga amadikirira makasitomala aulemu. Madzi anatuluka m'nyumba n'kufika m'mawondo mwa Damiyano. Iye anakweza kadiresi m'mwamba kuti mwanayo awerenge yekha.

"Sindinapite kusukulu, bambo," anatero mwanayo.

Damiyano anakoka ulusi wapakamwa ndi zala zonse. Sunaduke.

Anadzidzimuka. Makina anali atamudinda chizindikiro pachipumi. Wailesi ya m'golosale inkaulutsa mauthenga a maliro, ndipo azimayi awiri ankadikira pabenchi ndi nsalu zawo.

Nambewe anali ataima pamasitepe, phazi limodzi pakhonde, lina pansi. Chikhalire sanabwerepo kuntchito kwa mwamuna wake. M'manja anali ndi kadiresi kachikasu.

"Amayi anati ndikatenthe," anatero, maso ali pansi. "Ndiye ndimati ndiyambe ndachotsa mabatani, abwinobwinowa angapse. Ndapeza izi."

Anatembenuza kolala. Ulusi wofiira unali pomwepo.

"Mukudziwa inu, sukulu ndinalekera sitandade 2. Ndikanatha kufunsa ana apanjira, koma ndati ayi. Mundiwerengere ndinu."

Damiyano anagwira milomo yake. Inali youma, koma yosasoka.

"Nambewe, akuluakulu salola."

"Ndamva zimene salola. Ndakhala ndikuzimva milungu isanu ndi umodzi. Werengani."

Damiyano sanayang'ane n'komwe pakolalapo.

"Talandira."

"Talandira," anabwereza Nambewe pang'onopang'ono, ngati akulawa mchere m'ndiwo. Kenaka anamuyang'ana m'maso. "Makutu anatengera anu."

Anakweza phazi linalo n'kuponda pakhonde. Anakhala pansi pafupi ndi makina, kadiresi kali pachifuwa, n'kuyamba kulira mokweza, masanasana, maliro amene anamuletsa kulira. Mmodzi wa azimayi apabenchi aja anadzuka kuti amutontholetse, koma mnzake anamugwira nsalu.

"Asiyeni, asisi," anatero. "Mwanayo ali ndi dzina."