Tsiku Limene Kondakitala Anaiwala Mawu

Ndinali ndikuwamanga mabatani a malaya pamene Bambo Everton anayamba kuimba. Poyamba ndinamwetulira, poti chiyambireni ntchito pa nyumba yosamalira okalamba ya ku West Bromwich, ku Mangalande, ndinali ndisanawamvepo akuimba. Atafika ndime yachiwiri, manja anga anaima. Nyimboyo, m'Chingerezi chawo cha ku Trinidad, inkanena za mtsikana wa ku Malawi amene bambo ake anamwalira, za Madam, bwana wake wa kuntchito, amene anamuuza kuti akakwera ndege kupita kumaliro asabwerenso, ndi za mtsikanayo akuonera maliro pafoni atabisala m'chipinda chochapira zovala. Kolasi yake, ndikaitembenuza m'chinenero chathu, inkati: "Madam, Madam, manda sadikira rota," kunena ndandanda ya masiku ogwira ntchito. Panyumba yonseyo Mmalawi ndinali ine ndekha.

"Mwaitenga kuti nyimbo imeneyi, bambo?" ndinafunsa.

"Kwa iwe, Dorica," anayankha akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, poti mbali inayo inafa ndi sitiroko. "Ndiimba Loweruka kuphwando. Bwana wako Madam Melissa akhala kutsogolo kwenikweni."

Ndinagwada pansi ngati mmene timachitira kwathu, manja pamodzi. Iwo anadzidzimuka nkundiuza kuti ndidzuke msanga, iwo si Mulungu.

Wolakwa ndinali ine. Masabata awiri m'mbuyomo anandiona ndikugwetsa misozi ndikuwameta ndevu, ndipo atandifunsa ndinawakhuthulira zonse. Kwathu ku Ntcheu amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: ukamuuza munthu wa imvi mavuto ako, amawasunga m'mimba. Palibe anandichenjeza kuti woimba kalipso, nyimbo za kwawo ku Trinidad, sasunga kanthu. Chilichonse cholowa m'khutu mwake chimatulukira pakamwa chili ndi kolasi.

Mbiri yawo ndinkaidziwa, chifukwa ankainena m'mawa uliwonse kaya wafunsa kaya sunafunse. Anafika ku Birmingham ali mnyamata, nkulembedwa ukondakitala wa basi. M'basimo ndi mmene ankatola nyimbo: mayi akudandaula za mwininyumba wokana kukonza denga, bambo akutukwana kapitawo wa kufakitale yosungunula zitsulo, atsikana akunong'onezana za m'busa wamaso akuthwa. Loweruka ankakaziimba m'maholo a ku Handsworth, dzina lawo la pasiteji lili Kondakitala, ndipo Lolemba denga lija linkakonzedwa chifukwa cha manyazi. Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Mayi anga ankaimba zotere pamtondo, kunena apongozi awo ali pakhonde pomwepo. Koma mayi anga sanali pa viza yomangiriridwa kwa apongoziwo ngati mmene yanga inamangiriridwira kwa mabwana anga.

Pa nthawi yopuma ndinaimbira foni Vailet, nesi amene timapemphera naye.

"Iwe, akakuchotsa sponsorship uli ndi sixty days basi," anatero Vailet. "Ukalephera kupeza pena, ndi ndege. Ukudziwa ma-carer angati akuyendayenda ku Coventry opanda ntchito? Mdalayo umuuze zoona, usamuzungulire."

Lachisanu masana ndinawapeza akuyeserera. Gitala anasiya kalekale chifukwa cha dzanja lakufalo, choncho ankaimika botolo patebulo nkumaligogoda ndi supuni. Ndinatseka chitseko.

"Bambo, ndapota nanu, musaimbe."

"Zaka makumi asanu sindinamezepo nyimbo," anatero osasiya kugogoda. "Ndinaimba insipekitala wa mabasi, anandichotsa ntchito. Ndinafa? Sabata yotsatira ndinali pa ntchito ina."

"Inu mukachotsedwa munkangowoloka msewu. Ine ndikachotsedwa ndiwoloka nyanja. Ndili ndi ana awiri kwa mchemwali wanga, Osborne ndi Bupe. Ndinagulitsa munda wa bambo anga kuti ndifike kuno, ndipo bambowo sindinawaponyere ngakhale dothi. Ndikabwerera chimanjamanja ndikawauza chiyani anthu?"

"Ndiye achite zimenezi, aliyense angokhala chete?"

"Inde, bambo. Akhale chete."

Ndinachita manyazi ndi mawu angawo, koma sindinawabweze. Supuni inaima. Anayang'ana pawindo, kumene tramu, sitima ya mumsewu, inkadutsa kupita ku Wolverhampton.

"Zaka zisanu ndi zitatu, chigwereni sitiroko, m'mutu mwanga munalibe ngakhale mzere umodzi," anatero motsitsa. "Ndinkadzuka, ndinkadya, ndinkagona. Iwe wandibweretsera nyimbo, lero ukufuna kuitenganso."

Sanalonjeze kanthu. Ndinatuluka, ndipo ndivomere kuti tsiku limenelo ndinawada. Ndinalakalaka atadzuka ndi chimfine chotseka mawu. Ndinafika popempherera zimenezo, ine wa kwaya ya amayi.

Loweruka masana chipinda chodyera chinadzaza. Mwana wawo Zara anali atafalitsa kuti Kondakitala wapeka nyimbo yatsopano, ndipo kunabwera nkhalamba za zipewa zokongola kuchokera ku Handsworth ndi ku Coventry, ena pandodo, ena pa njinga za olumala. Madam Melissa anakhala mpando wakutsogolo ndi eni nyumbayo awiri. Ine ndinapatsidwa thireyi ya makapu a tiyi.

Bambo Everton anawakankhira kutsogolo pa njinga yawo ya olumala, atavala jekete lofiira. Anagogoda botolo kanayi, anthu nkuyamba kuwomba m'manja motsatira. Mawu anatuluka amphamvu moti ngakhale ine thupi linachita tsemwe.

"Kunali mtsikana wochokera kutali..."

Apo maso awo anandipeza pakhomo. Sindinagwedeze mutu, sindinachite chizindikiro chilichonse. Ndinangoima ndi thireyi yanga.

Supuni inapitiriza kugogoda, koma mawu sanabwere. Anang'ung'udza nyimboyo ndi pakamwa potseka, nkuyambiranso. "Kunali mtsikana..." Anaimanso. Anayang'ana kudenga ngati munthu wofunafuna chinthu chimene wataya, milomo ikugwedera. Kachitatu sanafike ngakhale pa mtsikanayo. Kuwomba m'manja kunazirala pang'onopang'ono mpaka kunatsala kulira kwa botolo kokha.

"Imba ya mwininyumba ija, Kondakitala," anatero mkulu wina kumbuyo pofuna kuwapulumutsa. Iwo anangopukusa mutu.

Zara anabisa nkhope m'manja. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti munthu uyu kale ankapeka ndime khumi ali chiimire, osaphonya liwu. Madam Melissa anaimirira, nkuwasisita paphewa mwachifundo, nkuuza anthu kuti awombe m'manja chifukwa ayesetsa. Kenako anandikodola kuti ndiwabwezere kuchipinda.

M'khonde ananditsatira, natsitsa mawu ngati kuti mwini nkhaniyo samva.

"Dorica, ulembe mufayilo yawo zimene zachitikazi. Asokonezeka, aiwala mawu. Lolemba tiitana dokotala. Zikapitirira tiwasamutsira kumtunda."

Kumtunda ndi kumene kumakhala odwala matenda oiwala. Chitseko chake chimatsegulidwa ndi nambala, ndipo botolo lagalasi sililoledwa.

Titalowa m'chipinda ndinatseka chitseko nkukhala pampando, fayilo pamiyendo. Ndinafuna kunena zikomo, ndinafunanso kunena pepani.

"Ndikawauza kuti simunaiwale," ndinatero.

"Akakufunsa kuti ukudziwa bwanji, ukayankha chiyani?"

Ndinatsegula fayiloyo.

"Lemba, mwanawe," anatero. "Ulembe bwino, Madam sakonda zolemba zokhotakhota."

Ndinawerama nkuyamba kulemba tsiku ndi nthawi. Ndili pa liwu loyamba, ndinamva chala chawo chikugogoda pa chitsulo cha njinga. Anayamba motsitsa kwambiri, mawu ongokwanira anthu awiri. Anaimba za mtsikana, za ndege, za chipinda chochapira, ndime zonse zisanu mpaka kumapeto, osaphonya ngakhale liwu limodzi, ine ndikulemba kuti Bambo Everton ayamba kuiwala.